Kuwerenga mayina a malo a Chigaelic kumidzi ya ku Scotland: poyambira ndi pomwe ambiri amapunthwa

Munthu wokulira ku Malawi akamva kuti nsonga ya phiri la Mulanje ndi Sapitwa, safuna womumasulira. Dzinalo lanena kale zonse. Kumapiri ndi kuzilumba za kumpoto ndi kuzambwe kwa Scotland mayina ali chimodzimodzi. Chitunda, khwawa, dambo, ngakhale thanthwe lomwe asodzi ankaimapo, chilichonse chili ndi dzina lonena kanthu. Kungoti omva mayinawo atsala ochepa. Kalembera wa mu 2011 adapeza anthu pafupifupi 57,000 olankhula Chigaelic, chiyankhulo cha makolo a kumeneko, m'dziko la anthu oposa 5 miliyoni. Ambiri odutsa m'misewu ya kumeneko amangoona zilembo zopiringizana pachikwangwani n'kupitirira.

Kaya muli ku Glasgow pasukulu kapena pantchito, kaya mukungoyang'ana mapu pafoni muli ku Zomba, mayinawa mukhoza kuwamasula. Sipofunika kuphunzira chiyankhulo chonse. Mawu makumi anayi kapena asanu, malamulo awiri atatu, ndi mtima wosathamangira kumasulira, n'zokwanira poyamba.

Choyamba: pezani dzina lenileni, osati la pachikwangwani cha Chingerezi

Tonse tikudziwa zomwe atsamunda adachita ndi Thyolo, Mulanje ndi Nkhotakota. Adalemba Cholo, Mlanje ndi Kota Kota, monga momwe makutu awo adamvera. Ku Scotland zidachitikanso, ndipo kwa zaka zambiri kuposa kwathu. Choncho musayambe kumasulira dzina lomwe lalembedwa m'Chingerezi. Ilo ndi chithunzithunzi chabe.

Taonani Applecross, mudzi wa kugombe la kuzambwe. Wodziwa Chingerezi aganiza za maapozi ndi mtanda, koma mulibemo chipatso kapena mtanda. Dzinalo lidachokera ku Aporcrosan, kunena matsiriro a mtsinje wa Crosan, ndipo eni ake a malowo m'Chigaelic amati A' Chomraich, malo othawirako, chifukwa cha nyumba ya amonke yomwe Maol Rubha adakhazikitsa mu 673. Kingussie alibe mfumu mkati mwake. Ndi Ceann a' Ghiùthsaich, kumutu kwa nkhalango ya paini. Fort William, dzina longa la Fort Johnston lomwe ife tidalichotsa n'kubwezera Mangochi, eni ake amangoti An Gearasdan, pokhala asilikali. Ndipo Iona, chilumba chomwe mmonke wa ku Ireland Columba adafikapo mu 563, dzina lake lidabadwa pamene okopera mabuku akale adawerenga Ioua ngati Iona, kusokoneza u ndi n. Achigaelic amati Ì Chaluim Chille.

Dzina lenileni mungalipeze m'njira zitatu. Zikwangwani zambiri za pamsewu ndi za pasiteshoni ya sitima kumapiriko zili ndi ziyankhulo ziwiri. Bungwe la Ainmean-Àite na h-Alba lili ndi nkhokwe ya mayina pa intaneti, yomwe mumalembamo dzina la Chingerezi n'kukupatsani la Chigaelic. Yachitatu ndi mapu a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu, makamaka a mlingo wa 1:25,000, omwe amaonetsa timakwawa ndi tizitunda. Mayina a matauni adasinthidwa kwambiri, koma a mapiri ndi timitsinje ambiri adakali m'kalembedwe ka Chigaelic, chifukwa kunalibe Mngerezi wofuna kuwatchula tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri: musawerenge h ngati wa Chichewa

Apa m'pamene ife timagwa. Chigaelic chili ndi zilembo 18 zokha, ndipo chimagwiritsa ntchito h kufewetsa chilembo chomwe chili patsogolo pake. Ife tikaona ph, th ndi ch pakamwa pamathamangira phiri, thupi ndi chala. Kumeneko ph amamveka ngati f, th amamveka ngati h kapena samveka konse, ndipo ch amatulukira kukhosi monga m'mawu oti loch. Bh ndi mh kumayambiriro kwa mawu amamveka ngati v. Fh nthawi zambiri amangokhala chete.

Phindu lake ndi ili: mukamafufuza mawu m'dikishonale, chotsani h amene ali wachiwiri. Mhòr mumupeza pa mòr, Dhubh pa dubh, Chaolais pa caolas. Dikishonale yaikulu ya Edward Dwelly, yomwe idamalizidwa mu 1911, ili pa intaneti ndipo ili ndi mawu ambiri akale a ulimi ndi usodzi omwe mabuku atsopano adawasiya.

Chachitatu: dulani dzinalo pawiri

Mwayi wa wolankhula Chichewa uli apa. Mngerezi amayamba ndi mawu ofotokoza, chinthucho n'kubwera pambuyo. Ife timati phiri lalikulu, mtsinje wakuda, mudzi wa pampata. Chigaelic chimayenda ngati ife: Beinn Mhòr ndi phiri lalikulu, Allt Dubh ndi khwawa lakuda, Baile a' Chaolais, lomwe pamapu ndi Ballachulish, ndi mudzi wa pamene nyanja yapanikizika. Mawu oyamba amanena chinthucho, otsatira amanena kuti ndi chiti.

Timawu ta pakati, an, a', na, nan ndi nam, timagwira ntchito yonga ya wa, ya, la ndi cha. Druim na Drochaid, kapena Drumnadrochit, ndi msana wa phiri wa pamlatho. Bealach na Bà ndi mpata wa ng'ombe. Nan ndi nam amasonyeza kuti zinthuzo n'zambiri: Beinn nan Caorach ndi phiri la nkhosa. Ndipo monga ife timasintha lalikulu kukhala waukulu malinga ndi gulu la dzina, iwonso amasintha. Ali ndi magulu awiri, lachimuna ndi lachikazi. Càrn ndi wachimuna, ndiye timapeza Càrn Mòr ndi Càrn Beag. Beinn ndi creag ndi achikazi, ndiye timapeza Beinn Mhòr, Beinn Bheag ndi Creag Dhubh.

Mvetserani pomwe eni dera amatsindika. Kawirikawiri mphamvu ya liwu imagwera pa mawu ofotokoza, ngakhale dzina litavala Chingerezi: pa Ness mu Inverness, pa droch mu Drumnadrochit. Zimenezi zimakuuzani podula. Alipo mayina ena oyamba ndi mawu ofotokoza, monga Fionnphort pa chilumba cha Mull, dooko loyera, ndipo otere amatsindikidwa koyambirira.

Chachinayi: lowezani mawu oyamba, omwe amabwerezedwabwerezedwa

Anthu oweta ng'ombe m'mapiri sangakhale ndi liwu limodzi lokha la phiri, ndipo kusiyanitsa kwawo n'kothandiza ngakhale kwa woyenda lero. Beinn ndi phiri lalikulu, ndiye Ben wa mu Ben Nevis, lalitali mamita 1,345. Sgùrr ndi nsonga yosongoka ya miyala, yokwera mogwira ndi manja. Meall ndi phiri lobulungira ngati chotupa, lotopetsa koma losaopsa. Stob ndi kansonga konga chikhomo, càrn ndi phiri longa mulu wa miyala, creag ndi thanthwe, cnoc ndi chitunda, druim ndi msana. Mukaona pamapu Sgùrr ndi Meall atayandikana, mwadziwa kale loti mukwere ndi ana.

Zigwa nazo zili pawiri. Gleann ndi chigwa chopapatiza, srath ndi chotakata chokhala ndi mtsinje woyenda pang'onopang'ono ndi nthaka yolimika. Mawu omwe ndimawakonda kwambiri ndi coire. Tanthauzo lake loyamba ndi mphika waukulu, ndipo amanena chidikha chozungulira chomwe chili m'mbali mwa phiri, chokhala ndi makoma mbali zitatu. Muli msipu ndi pobisalira mphepo, ndiye n'chifukwa chake abusa adatcha dzina pafupifupi coire aliyense. Ku Glen Coe kuli Coire Gabhail, komwe amati a fuko la MacDonald ankabisako ng'ombe, ndipo pakhomo pake sipaoneka munthu ali m'chigwa.

Pa madzi, allt ndi khwawa, abhainn ndi mtsinje, eas ndi mathithi, tobar ndi chitsime, loch ndi nyanja, kaya ya madzi opanda mchere kaya mkono wa nyanja yamchere. Inbhir ndi matsiriro, ndiye Inver- wa mu Inverness, matsiriro a mtsinje wa Ness. Ceann ndi mutu, ndipo amasanduka Kin-: Kinlochleven ndi kumutu kwa Loch Leven, Kintyre ndi kumutu kwa mtunda. Eilean ndi chilumba, tràigh ndi gombe la mchenga, rubha ndi àird ndi mtunda wolowa m'nyanja. Tairbeart, yemwe amalembedwa Tarbert kapena Tarbet, ndi kamtunda kopapatiza pakati pa madzi awiri pomwe anthu ankakokerapo mabwato. Nkhani zakale za a Norse, anthu a ku Norway ndi maiko oyandikana nawo, zimati mu 1098 mfumu Magnus ya ku Norway, italonjezedwa malo aliwonse omwe ngalawa ingazungulire, idakhala m'ngalawa yake anthu n'kuikoka kudutsa pa Tarbert kuti Kintyre awerengedwe ngati chilumba.

Kenaka mawu a anthu. Baile ndi mudzi wa alimi, ndipo amasanduka Bal- kapena Balla-. Achadh ndi munda, ndiye Ach- kapena Auch-, monga Achnasheen, munda wa mphepo yamkuntho. Dùn ndi linga: Dunkeld ndi linga la a Caledonia, mtundu wakale wa anthu a m'deralo. Cill ndi tchalitchi chakale kapena manda ake. Koma samalani ndi Kil-. Ngati chotsatira ndi dzina la woyera mtima, monga Kilbride, Kilmartin kapena Kilmory, ndi tchalitchi ndithu. Ngati sichoncho, akhoza kukhala coille, nkhalango, monga mu Killiecrankie, kapena caol, popapatiza, kapena cùil, ngodya. Mawu anayi osiyana, Chingerezi chidawaphatikiza kukhala amodzi.

Àirigh musamudumphe. Ndi msipu wa m'mwamba komwe amayi ndi achinyamata ankapita ndi ng'ombe m'miyezi yotentha, kuti mbewu za kumudzi zikule osadyedwa. Ankagona m'tinyumba ta miyala ndi dothi, kukama mkaka, kupanga batala ndi tchizi. Pa chilumba cha Lewis mwambowu udapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900. Mukapeza Àirigh pamapu, pitani mukayang'ane. Nthawi zambiri mupeza kamalo kobiriwira kuposa pozungulira, chifukwa cha ndowe za zaka mazanamazana, ndi timiyala tozungulira pomwe panali tinyumbato.

Chachisanu: mawu achiwiri, makamaka a mitundu

Mòr ndi chachikulu, beag ndi chaching'ono, ndipo amayenda awiriawiri. Ku Glen Etive kuli Buachaille Etive Mòr ndi Buachaille Etive Beag, mbusa wamkulu ndi mbusa wamng'ono, mapiri awiri oima pakhomo pa chigwa.

Mitundu ndiyo imafuna kudekha, chifukwa saigawa monga Chingerezi. Ife sitidabwa nazo kwenikweni, popeza liwu lathu loti kubiriwira limafika pa udzu ndi pa thambo lomwe. Gorm ali choncho: ndi mtundu wa thambo ndi wa phiri looneka patali, komanso wa msipu wanthete. Glas ali pakati pa kutuwa ndi kubiriwira. Liath ndi mtundu wa imvi. Kufiira kuli pawiri: dearg ndi kufiira kwa magazi, ruadh ndi kufiira kwa dzimbiri kapena kwa ubweya wa nkhandwe. Kuyera kulinso pawiri, geal wowala ndi bàn wotumbuluka. Dubh ndi chakuda kapena chamthunzi, buidhe ndi chikasu, breac ndi mawangamawanga.

Mapiri omwe mapu a Chingerezi amati Cairngorms amaonetsa chifukwa chake izi zili zofunika. An Càrn Gorm ndi phiri limodzi lokha, lomwe limaoneka lobiriwira ngati thambo ukaliona kuchokera m'chigwa cha Spey. Mapiri onsewo pamodzi eni ake amati Am Monadh Ruadh, mapiri ofiira, chifukwa cha mtundu wa mwala wake, powasiyanitsa ndi Am Monadh Liath, mapiri otuwa a tsidya lina la mtsinje. Chingerezi chidatenga dzina la phiri limodzi n'kuveka onse, mapiri ofiira n'kusanduka obiriwira.

Mawu achiwiri ena ndi a mitengo ndi nyama, monga Namiwawa wathu. Giuthas ndi paini, darach ndi thundu, beithe ndi mtengo wa makungwa oyera, iolaire ndi chiwombankhanga. Mukapeza dzina la nkhalango pamalo pomwe lero pali zitsamba zokhazokha, dzinalo ndi mboni ya zomwe zidalipo, ndipo ofuna kubwezeretsa mitengo amawaganizira mayina otere. Madadh akhoza kukhala mmbulu, nkhandwe kapena galu. Mimbulu idatha ku Scotland chisanafike chaka cha 1800, koma Creag a' Mhadaidh adakalipo m'malo angapo.

Chachisanu ndi chimodzi: funsani ngati dzinalo ndi la Chigaelic n'komwe

Si onse. Kuzilumba ndi kugombe la kumpoto a Norse ochokera ku Norway adakhazikika, zilumba za kuzambwe n'kuzilamulira mpaka pangano la ku Perth la mu 1266, ndipo adasiya mayina ambirimbiri. Chizindikiro chawo n'chakuti liwu lonena chinthucho limabwera kumapeto: -ay kapena -a ndi chilumba, monga Raasay ndi Jura, -val ndi phiri, monga Askival pa chilumba cha Rum, -nish ndi mtunda wolowa m'nyanja, -bost ndi munda ndi nyumba zake, -dale ndi chigwa. Laxford si powolokera, ngakhale ford m'Chingerezi ndi powolokera. Ndi mkono wa nyanja wa nsomba za salimoni. Mukayesa kudula mayina otere ngati a Chigaelic mupeza tanthauzo lokoma koma labodza.

Kum'mawa kuli mayina a a Pict, anthu omwe ankakhala kumeneko kale. Aber- ndi matsiriro, monga Aberdeen, ndipo Pit- ndi gawo la malo, monga Pitlochry, yemwe Achigaelic amati Baile Chloichridh. Kumwera kuli a chiyankhulo chapachibale ndi cha ku Wales, ndipo akatswiri ambiri amaika Blantyre m'gulu limeneli. Mzinda wathu udatenga dzina mu 1876 kuchokera kwawo kwa David Livingstone, koma musalifufuze m'dikishonale ya Chigaelic.

Obwera pambuyo akapanda kumva dzina lakale, amawonjezerapo liwu lawo la chinthu chomwecho. Livingstone atafika kunyanja mu 1859 adalemba Lake Nyasa, chonsecho nyasa pa Chiyao ndi nyanja. Pa Mull pali Eas Fors: fors ndi mathithi m'chiyankhulo cha a Norse, eas ndi mathithi m'Chigaelic, ndipo olankhula Chingerezi amawonjezeraponso liwu lawo lachitatu.

Chachisanu ndi chiwiri: yang'anani mmene linkalembedwera kale

Laibulale ya National Library of Scotland idaika mapu akale pa intaneti kwaulere, ndipo mukhoza kuika akale ndi atsopano pambali ndi pambali. Yambani ndi a Ordnance Survey a m'zaka za m'ma 1800, mubwerere kwa a William Roy a pakati pa 1747 ndi 1755, omwe adajambulidwa asilikali atagonjetsa kuukira kwa mu 1745 ndipo alibe zilumba, kenaka a Timothy Pont a kumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Oyeza malo a Ordnance Survey ankalembanso m'mabuku dzina lililonse, tanthauzo lomwe adauzidwa ndi amene adawauza. Onani kuti adali ndani. Mbusa wa nkhosa wobadwira pomwepo ndi mboni yolimba kuposa mwini malo wochokera kumwera. Dzina likakukanikanibe, buku la W. J. Watson la mu 1926 lonena za mayina a Chiselti a ku Scotland ndilo akatswiri amayambira mpaka lero.

Mayina ena satheka. Nevis wa mu Ben Nevis akadali wokanganirana. Zikatero lembani kuti tanthauzo silikudziwika, kusiyana n'kupeka.

Chachisanu ndi chitatu: kaimeni pamalopo

Tanthauzo lomwe mwapeza liyenera kugwirizana ndi zomwe maso akuona. Ulendo wabwino woyeserera, makamaka kwa Mmalawi, ndi wa ku Mull ndi Ulva. Mukwera sitima yapamadzi ku Oban, An t-Òban, kagombe kakang'ono kolowa mkati. Mutsika pa Craignure, Creag an Iubhair, thanthwe la mtengo wa iubhar, womwe Angerezi amati yew. Kumpoto kuli Tobermory, Tobar Mhoire, chitsime cha Maria. Kumwera kuli Lochbuie, nyanja yachikasu, ndi Bunessan, Bun Easain, patsinde pa timathithi. Pakati paima Ben More, mamita 966, ndipo simufunikanso womasulira. Kugombe la kumpoto chakuzambwe kuli Calgary, komwe mzinda wa ku Canada udatenga dzina mu 1876, ndipo mukatsika ndi msewu womwewo mudutsa pa Eas Fors, madzi akugwera mu Loch Tuath, nyanja ya kumpoto.

Tsidya lake ndi Ulva. Dzina la chilumbacho ndi la a Norse, phiri lake lalitali ndi Beinn Chreagach, phiri la matanthwe, ndipo mukalikwera mapazi avomereza. Agogo ake a Livingstone, olankhula Chigaelic, adachoka pano mu 1792 kukafuna ntchito kufakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland. M'zaka za m'ma 1830 pachilumbapa padali anthu pafupifupi 600. Malonda a phulusa la ndere za m'nyanja atagwa, mwini malo Francis William Clark adayamba kuwathamangitsa, ndipo pofika 1851 adatsala pafupifupi 150. Pamene anthu a m'deralo adagula chilumbachi mu 2018, okhalapo sankakwana khumi.

Choncho mukamayenda kumwera kwa Ulva mukuyenda m'mabwinja, ndipo mayina ndi ambiri kuposa anthu. Tengani kope. Pa bwinja lililonse lembani dzina la pamapu, nambala ya malowo pamapu, zomwe mukuona, ndi mmene munthu wa m'deralo walitchulira ngati mwakumana naye. Mufunseni mwaulemu ngati pali mayina a minda kapena a miyala omwe sali pamapu, chifukwa amenewo ndiwo amatha msanga. Mukabwerako, fufuzani dera lomwelo pa tsamba la pa intaneti la Tobar an Dualchais, komwe kuli mawu ojambulidwa a anthu akale akusimba nkhani ndi kuimba, ndipo yerekezerani ndi zomwe mwalemba. Pa Ormaig makoma a nyumba adakaima opanda denga, ndipo dzinalo ndi la a Norse. Mukapitirira chakuzambwe mufika pa Cille Mhic Eòghainn. Dulani pawiri monga mwaphunzirira: cill kutsogolo, dzina la munthu pambuyo. Kenaka yang'anani pansi, mupeza manda.